Kutalika kwa Chingwe

Lolemba m'mawa ku Luwinga
nkhungu imalowa m'kalasi ophunzira asanafike.
Ndimamanga mwala ku chingwe, n'kukoloweka pa msomali,
n'kuukankha pang'ono.
Uku, uko. Uku, uko.
Werengani, ndimatero, musaphethire.
Kenako ndimamangapo mwala wolemera kawiri,
ndipo chaka chilichonse wina wakumbuyo
amalumbira kuti uwu ndiye ufulumira.
Sufulumira.
Nthawi ilibe nazo ntchito za kulemera kwa katundu.
Imangomvera kutalika kwa chingwe.

Lero Lachinayi ndili pa benchi ku Mapale,
choko chikadali m'zikhadabo,
kabuku kachipatala ndakabisa
m'kati mwa mayeso amene sindinachonge.
M'chikwama muli kalata ya kunja:
bwerani mu Seputembala, zaka zinayi, tikulipirirani zonse.
Sinatchule za mimba. Makalata otere satchula.

Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zitatu.
Mlamu wanga wa ku Ekwendeni amaziwerenga bwino kuposa ine.
Ng'ombe zija zinabereka kale kawiri, NyaHarawa,
anatero pa maliro, akundipatsira madzi osamba m'manja.
Ndinasamba. Ndinathokoza.

Bambo Kanyimbo, a ofesi yoyandikana ndi yanga,
anabereka ana atatu ali kusukulu kutsidya kwa nyanja.
Amafotokoza akuseka, tiyi ali m'manja.
Palibe anawafunsapo kuti anakwanitsa bwanji.

Yotamu usiku wathawu sanayankhule zambiri.
Magetsi atazima ku Chibavi konse
anagwira mkono wanga wamanzere, cham'mwamba,
pamene adzabaye,
nati, ndidikira, koma usandiuze kuti n'zopepuka.
Sindinamuuze.
Tinangomvera mvula ya mawawa pa malata.

Ndikudziwa liwiro la kuwala.
Ndikhoza kukuuzani kuti dzuwa limene mukuothali
linanyamuka kwawo mphindi zisanu ndi zitatu zapitazo.
Koma funso la namwino, zaka zitatu kapena zisanu, mayi,
ndalilemba pa bolodi la m'mutu mwanga
ndipo likukana kugawika.

Madamu?

Ndatembenuka. Ndi Atusaye,
amene ankakhala kutsogolo, pafupi ndi zenera losweka,
yekhayo amene sanalumbire za mwala wolemera.
Anasowa chaka chachiwiri, pakati pa temu.
Pa kaundula ndinangolemba kamzere.
Kamzereko lero kali kumsana kwake,
kavala chipewa chaubweya chachikasu, kakuyamwa chibakera.

Tonse tayang'ana pansi,
ngati wina wagwidwa akubera mayeso
koma sitikudziwa kuti ndani.

Ndabwerera ya zisanu, wanena yekha.
Ndikufuna ndibwerere kusukulu uyu akayamba kuyenda.
Kodi malo amasunga?

Ndamuuza zoona: sindikudziwa, koma ndikagogoda.
Wandipatsa mwanayo kuti amange bwino chitenje.
Ndi wolemera kuposa mmene ndimaganizira,
wofunda ngati mbatata yootcha,
ndipo manja anga, osandifunsa,
ayamba okha. Uku, uko.
Atusaye waseka. Madamu, mukuwerenga?
Ndinali kuwerengadi.

Atandiitana ndalowa.
Namwino wandifunsa ana angati. Ndati palibe.
Wakweza maso, cholembera chili m'malere,
kenako wawatsitsa. Zitatu kapena zisanu?
Zitatu, ndatero,
ngakhale kalata ikunena zinayi.
Chaka chotsalacho sindinachipezere yankho.
Ophunzira anga ndimawauza kuti muyeso uliwonse
uzisiya kampata ka zimene sitikudziwa,
ndipo wobisa kampatako ndi wabodza.

Panja wakabaza akupukuta chishalo ndi mkono wa jekete.
Ku Luwinga, ndamuuza, koma pang'onopang'ono pa mabampu.
Pansi pa bandeji pakuwawa ngati mbola ya njuchi.
Mayeso aja anyowa m'mphepete.
Pa chitunda cha ku Katoto wayimirira pa mapedulo,
akupuma mwaphuma,
ndipo ine kumbuyo, ndi dzanja limodzi,
ndikulemba dzina la Atusaye pachikhatho
kuti lisandithawenso.